Achimwene apezeka akudya okha kwa Ajapani

Lamlungu lapitali, Misa itangotha, anaBanda anandigwira pachigongono n'kundikokera kuseri kwa chitseko cha tchalitchi. Kagwiridwe kameneko mukukadziwa. Ndi ka nkhani yoti siingadikire tiyi wa muholo.

Anatsitsa mawu n'kundiuza kuti achimwene anga awaona ku Swords, kuno kufupi ndi Dublin, m'kalesitilanti ka Ajapani, akudya okha. Okhaokha. Atakhala pakampando kakatali, msana ataulozetsa kumsewu, ngati mwana wopatsidwa chilango m'kalasi. Ndipo sikuti awaona kamodzi ayi.

"Inu mulipo, ifenso tilipo," anatero anaBanda. "Nanga anthu ati chiyani?"

Abale, manyazi ake! Ulaliki wonse wa bambo mfumu unandithawa m'mutu nthawi yomweyo.

Kwa inu amene simukuwadziwa, achimwene a Fanuel ndi oyamba kubadwa kwathu, ine ndine mzime. Amagwira ntchito kueyapoti, yokweza ndi kutsitsa zikwama za apaulendo. Akazi awo, alamu anga a Esnati, anatisiya chaka chatha kuzizira kutangoyamba. Tinakawagoneka kumudzi ku Ntcheu, n'kubwerako. Ana awo ali ku Mangalande ndi mabanja awo. Amaimba foni pafupipafupi, koma foni siidyetsa munthu.

Chibwerereni kumaliroko, achimwene anasiya kudya. Sikuti ankakana, iwo si munthu wamakani. Ankangotembenuzatembenuza chakudya m'mbale, n'kunena kuti zikomo. Kolala ya malaya inayamba kuwakulira. Lamba wawo anamuboola bowo latsopano ndi msomali, patapita nthawi n'kuboolanso lina. Tsiku lina anachita chizungulire kuntchito, chikwama cha munthu chili m'manja, ndipo abwana awo anawauza mosabisa kuti zikachitikanso sangawalole kuyandikira ndege. Bambo wa msinkhu wawowu ntchito ina angaipeze kuti? Ine tulo tinayamba kundithawa. Ndinkaopa kuti tikhala ndi ulendo wachiwiri wa ku Ntcheu.

Ndiye tinachita zimene timadziwa. Amayi a kutchalitchi tinagawana masiku. Wina nyemba, wina nkhuku, wina mpunga wonunkhira uja umabwera m'sutikesi kuchokera kumudzi. Makontena onse a ayisikilimu a m'nyumba zathu anathera mufuriji ya achimwene. Ndipo musaganize kuti tinkangosiya chakudya pakhomo n'kumapita. Ife? Tinkalowa, kutenthetsa, kuika patebulo, kenako n'kukhala moyang'anizana nawo, dzanja lili patsaya. Idyaniko achimwene. Mwathera pomwepa? Kaya mukumva bwanji lero? Wina misozi yayamba. Wina wayambitsa nyimbo ija tinaimba pamaliro. Chakudya chikazizira tinkabwerera kwathu ndi chisoni, n'kumauzana pafoni kuti lero angolawa basi.

Choncho mumvetse chimene chinandiwawa. Chakudya chathu chikuchita nkhungu mufuriji, iwo akukadya kwa alendo, pagalasi poti aliyense wodutsa awaone?

Tivomerezane, ife Amalawi lesitilanti sitiikhulupirira. Kwathu bambo wapabanja akapezeka akudya kulesitilanti masana, timadziwa kuti ali paulendo, apo ayi kunyumba kwavuta. Chipisi cha pachiwaya timati ndi cha anyamata a kabaza ndi ana asukulu. Munthu wamkulu akaima pachiimirire amayamba wayang'ana uku ndi uku, kuopa apongozi. Ngakhale kuno tinabweraku, tikagula zophikaphika m'tauni timazibisa m'chikwama, n'kukazikhuthulira m'mbale zathu kunyumba kuti zioneke ngati zachokera kukhitchini kwathu. Musakane, ena ndakuonani. Ana athu akapempha nkhuku ndi chipisi za m'kabokosi timawakalipira kuti ndi zakudya za anthu opanda mayi, kenako akagona ife n'kumaliza zotsala.

Kudya wekha ndiye nkhani inanso. Ife munthu ukatsegula ngakhale paketi ya mabisiketi m'basi, umayamba walozera woyandikana naye amene sukumudziwa n'komwe. Tikaona munthu akudya yekha timati ndi womana. Akakhala kuti si womana, ndiye kuti abale ake anamutaya. Ndipo m'bale wa achimwene kuno ndi ndani? Ndine.

Lachinayi sindinali pantchito. Ndinaphika masamba otendera, nsinjiro zake zakumudzi zenizeni, zija ndimasungira alendo olemekezeka. Ndinathira mukontena, kukulunga m'nsalu, n'kunyamuka. Kuchoka kwathu ku Ongar kupita ku Swords ndi mabasi awiri, ndipo kunja kunali kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kosaleka. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndiwatulutsire mwaulemu. Ndinkati ndiyambe ndi dzina la banja lathu, akapanda kumva ndiwakumbutse malemu amayi.

Malowo ndi aang'ono, sasiyana kwenikweni ndi pabalaza panga. Mulibe matebulo. Muli thabwa limodzi lalitali ngati kauntala ya mugolosale, mipando itandandalikana, aliyense akuyang'ana kumene akuphika. Nditangokankha chitseko, bambo wophika ndi mayi woperekera anakuwa onse pamodzi m'chilankhulo chawo. Ndinadzidzimuka n'kuyang'ana pansi, kuganiza kuti ndaponda chinachake. Kani ndi moni. Aliyense wolowa amamulandira choncho.

Achimwene anali chakumapeto, jekete lawo lakuntchito atalikoloweka pansi pa kauntala. Sanandione. Mayi uja anawaikira mbale yaikulu ya chakudya chimene amachitcha rameni: msuzi wa mafupa, m'kati mwake muli ma noodles (tizingwe taufa tonga supageti), dzira logawa pakati ndi timagawo ta nyama ya nkhumba. Ine ndinangoima pakhomo pomwepo, ambulera ikudontha.

Anaphatikiza manja n'kuweramitsa mutu pang'ono, monga anachitira mkulu wina wa Chijapani amene anakhala chapafupi. Kenako anachita chizindikiro cha mtanda, poti Chikatolika sachitaya. Anatenga timitengo tiwiri tija amadyera Ajapani. Achimwene anga, amene kumudzi ankati foloko imachedwetsa munthu! Ndiye anayamba kukoka ma noodles aja ndi pakamwa, phokoso lake loti malemu amayi akanalimva, chipande chikanauluka. Koma onse m'menemo ankatero: mzungu wa suti, mtsikana wa timawaya m'makutu, mkulu uja. Palibe anayang'ana mnzake.

Ndipo achimwene ankadya. Kudya kwenikweni, thukuta lili kamukamu pachipumi. Ndinali nditaiwala mmene nsagwada zawo zimayendera.

Mayi uja anandilozera mpando wopanda munthu, ndipo unali woyandikana ndi achimwene. Atatembenuka anayang'ana ine, kenako chikwama changa. Anadziwa chimene chinali m'menemo.

"Rute, khala," anatero. "Koma usandifunse mmene ndikumvera."

Ndinakhala. Anandiitanitsira mbale yanga. Timitengo tija ndi ine sitinamvane, kena kanagwera pansi, mayi uja n'kundisunthira foloko osaseka n'komwe. Tinadya titagundana mapewa, tonse maso kwa wophika. Inu mukundidziwa, ine kukhala chete ndi matenda. Mafunso ankandiyabwa pakhosi, mawu onse aja ndinakonza m'basi akufuna kutuluka. Koma msuziwo unali wotentha ndi wokoma mosayembekezera, ndiye ndinangolimbana nawo.

Ma noodles atatha, msuzi utatsala, achimwene anaimika chala. Wophika anawathirira ena. Kuwonjezera, abale. Ine ndinayang'ana kumbali kuti asaone maso anga.

Ali pakati pa ulendo wachiwiriwo m'pamene analankhula, osandiyang'ana. Anati malowa anawapeza mwangozi, tsiku lina pothawa mvula akudikira basi. Anati asanawapeze anayesapo lesitilanti ina m'tauni, atatopa ndi kunyumba. Mtsikana woperekera anawafunsa ngati akudikira munthu. Atayankha kuti ayi, mtsikanayo, mwa ulemu wake wonse, anachotsa mbale, mpeni ndi tambula za mbali inayo. Iwo anadzuka n'kutuluka osaitanitsa kanthu.

"Kunyumba ndikakhala patebulo, kutsogolo kwanga kuli mpando wa Esnati," anatero. "Ukakhala wopanda munthu, chakudya sichitsika. Mukakhalapo inu, ndiye sichitsikiratu. Kuno kulibe mpando wakutsogolo. Kuli munthu wophika basi."

Foloko ndinaiika pansi. Miyezi yonseyi ine ndi anzanga takhala tikusinthana pampando wa alamu anga, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo. Tinkangoona kuti ndi mpando wapafupi ndi khomo. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti kuntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba, ndimadziwa bwino kuti gogo amene akukana kudya sumuimirira pamutu. Umakhala pambali pake n'kumayang'ana naye pawindo. Azungu osawadziwa ndimawachitira zimenezi tsiku ndi tsiku, koma kwa achimwene anga enieni nzeruyo inkatsala m'basi.

Anthu atachepa, foni ya achimwene inalira. Anali mwana wawo wamkulu. Anatuluka kukayankhira panja, poti m'menemo salankhulira pafoni, ine n'kutsala ndi mayi uja. Dzina lawo ndi a Haruko, ndipo wophikayo ndi amuna awo. Ndinawafunsa m'Chingerezi ngati kwawo munthu sachita manyazi kudya yekha pagulu. Funsolo sanalimvetse msanga. Anati kwawo malo otere ali paliponse, ndipo anawamangira dala munthu amene wabwera yekha. Pamasiteshoni a sitima pali ena opanda ngakhale mipando: munthu amaima, kudya, kuthokoza, n'kuthamangira sitima yake. Kalaliki, bwana wa kampani, gogo wochokera kumsika, onse pathabwa limodzi. Ndinati mumtima, kani chiimirire chathu chija kwina chimavala suti.

Ndinafunsanso ngati chakudya chachangu chotere sachinyoza. Anapukusa mutu. Anati changu ndi cha wodya, osati cha wophika. Msuzi umene tinamwawo amuna awo anauteleka dzulo lake, ndipo chiyambire unyamata akhala akuphunzira kuphika chinthu chimodzi chomwechi. N'chifukwa chake wodya amayesetsa kumaliza zonse. Phokoso lija ndi lololedwa, limaziziritsa ma noodles, komanso wophika amamva kuti zikuyenda. Ukatha umaika mbale pamwamba pa kauntala, kupukuta pamene unadyera, n'kuthokoza wophika potuluka. Ngakhale m'masitolo a nkhuku ndi chipisi, anati, munthu amachotsa yekha zinyalala zake, sasiyira wantchito. Ndipo pa Khrisimasi mabanja ambiri kwawo amaitanitsa nkhuku yokazinga yam'sitolo mopanda manyazi. Apa ndinaseka, n'kuwauza kuti pa nkhani ya nkhuku ya Khrisimasi ndiye ndife pachibale.

Chimene chimawadabwitsabe kuno, anati, ndi anthu odya akuyenda mumsewu. Kwa iwo chakudya, chingatchipe bwanji, umaima kaye kapena kukhala pansi, n'kuchidya ngati chakudya. Ndinakumbukira mmene ndimamezera sangweji pothamangira basi.

A Haruko anati tsiku loyamba achimwene anangomwa msuzi, zina zonse n'kusiya. Eni malowo sanafunse. Ulendo wotsatira anadya dzira. Sanafunsenso. Za maliro sankadziwa n'komwe, anazimva kwa ine.

Ndinatsala pang'ono kugamula kuti Ajapani ndiwo akudziwa zonse, ife tizingopepesa. Koma a Haruko ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa kuti m'chikwama mwanga muli chiyani, poti fungo la nsinjiro silibisika. Ndinawafotokozera za makontena, za kugawana masiku, za amayi okwera mabasi mvula ili pamsana kukapereka nyemba kwa munthu amene sadya n'komwe. Ndinkafotokoza moseka, modzinyoza.

Iwo sanaseke. Anayamba kupukuta kauntala pamalo poyera kale. Kenako anati mayi awo atamwalira, iwo anapita kwawo kumaliro, kubwerera ku Dublin, m'mawa mwake n'kutsegula chitseko chomwechi. Anzawo onse ankadziwa. Onse anawalemekeza posawafunsa kanthu. Palibe anagogoda pakhomo ndi mbale. Anatinso kwawo kuli okalamba amene amamwalira m'nyumba oyandikana nawo osadziwa, poti aliyense amaopa kusokoneza mnzake.

"Furiji yodzaza," anatero pang'onopang'ono. "Achimwene anuwa ndi odala."

Ndinamasula nsalu ija n'kutulutsa kontena. Ndinapereka ndi manja awiri, mawondo nditapinda monga tinaphunzitsidwira. Iwo analandira ndi manja awiri n'kuwerama. Ine poona awerama ndinawonjezera kupinda mawondo. Iwo poona ndatsika anaweramanso kwambiri. Achimwene anatipeza tili choncho, wina akupita pansi, wina akupita kutsogolo, kontena ya ayisikilimu ili pakati. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Kuseka kwawo ndinali ndisanakumve chimwalirireni alamu.

Tsono abale anga a ku Ongar, a ku Swords, ndi inu a ku Dún Laoghaire amene mumangobwera kukakhala chakudya, musandimve molakwa. Sindikunena kuti titaye makontena. Mwambo umenewu ndi umene watisunga kuno kwa eni, ndipo mayi wa dziko lolemera anausirira pamaso panga, maso atafiira. Ine zikadzandigwera mudzabwere ndithu, ndipo nyemba zake zidzakhale za phwetekere wokwanira.

Koma tidzifunse. Tikapita ndi chakudya kwa wofedwa, timapita kukamudyetsa kapena kukamuonerera akudya? Mafunso athu aja timafunsa kuti iye apepukidwe, kapena kuti ife tikhale ndi chouzana pafoni madzulo? Munthu angameze bwanji wina akumuyang'ana m'kamwa? Ndipo tikamuona m'bale wathu ali m'lesitilanti yekha, n'chifukwa chiyani chimene chimayamba kutibwerera ndi manyazi athu, osati mimba yake?

Ine Loweruka ndipita kwa achimwene ndi nyemba monga mwa masiku onse. Koma tebulo lija tikalikankhira kuwindo, ndipo ine ndikakhala pambali pawo. Mpando wa alamu akauika pamene iwo akufuna. Kwa Ajapaniko ndi kwawo, sindikawasokonezanso, pokhapokha tsiku lokatenga kontena yanga. A Haruko andiuza kale kuti kwawonso mbale siibwerera yopanda kanthu, ndiye ndikufuna ndione.

Tibwerere ku Lachinayi lija. Titatuluka, mvula inali italeka. Tili podikirira basi, achimwene anatembenukira kukhoma, kukweza jekete, n'kumasula lamba. Anamuchotsa pabowo lomaliza la msomali lija n'kumubweza pa linzake. Ine sindinafunse kanthu.

Madzulo ake anaBanda anaimba foni kufunsa ngati ndawatulutsamo. Ndinati ayi, ndawasiya momwemo, ndipo inenso ndadya mbale yanga mpaka kuona pansi pake.

AnaBanda anabwereza funso lawo lija, lakuti nanga anthu ati chiyani.

"Akakufunsani," ndinatero, "muwauze kuti lamba wabwerera bowo limodzi."